Musagule nyumba musanaione mvula ikugwa

Masiku ano kusaka nyumba kumayambira pafoni. Mukalowa m'magulu a pa Facebook kapena pa WhatsApp mupeza zithunzi zambirimbiri: ya zipinda zitatu ku Area 25, ya mpanda ku Area 49, poloti ku Chitedze. Pansi pa chithunzi chilichonse pali nambala, ndipo mwini nambalayo amadzitchula kuti ejenti. Ena ndi ma ejenti enieni okhala ndi ofesi. Ambiri ndi madobadoba, anthu amene ofesi yawo ndi foniyo basi.

Ine ndi amuna anga tinatha miyezi 8 tikusaka nyumba mu Lilongwe. Ndalama zake tinasonkha kwa zaka 7, zina za ku banki m'khonde, zina ngongole ya ku SACCO ya kuntchito kwanga. Zikanapita m'madzi, panalibe kwina kokatapa zina. N'chifukwa chake tinagwirizana kuti ejenti adzatithandiza kupeza nyumba, koma dera tidzalifufuza ndi miyendo yathu.

Ejenti amalandira komishoni nyumba ikagulidwa. Si mlandu, ndi mmene ntchito yake imayendera. Koma dziwani kuti iye akalandira zake amapita, inu mumatsala ndi nyumbayo. Woyamba amene tinakumana naye anafuna ndalama yoonera nyumba asanatiuze n'komwe kuti ili kuti. Titafika anayamba kutipanikiza. "Mayi, mukachedwa mulira. Pali bwana wina wa ku Joni akubwera ndi ndalama mawa lomweli." Wachiwiri anali waulemu, koma tikati tikumane ndi eni nyumba ankangoti ali kumudzi, foni yawo sikugwira. Onsewa tinawasiya.

Amene tinamusankha anali bambo wachikulire wosachuluka zonena. Tinawafunsa mafunso atatu: kodi tingakumane ndi eni ake maso ndi maso, kodi tingaone mapepala a malowo tisanapereke kalikonse, ndipo komishoni yawo adzalipira ndani. Anayankha zonse osakwinya nkhope, kenako anawonjezera okha kuti, "Ana anga, musandikhulupirire ine. Pitani ku Lands mukaone nokha." Ejenti amene amakutumizani kukatsimikiza zimene wanena ndiye woyenera kuyenda naye.

Za mapepalazi musazione mopepuka. Malo ambiri a m'tauni ndi a lizi, kawirikawiri ya zaka 99, ndipo ku Unduna wa za Malo mukhoza kupempha kuti akufufuzireni dzina limene lili pa malowo komanso ngati nyumbayo inaikidwa chikole ku banki. Ngati ndi ya Malawi Housing Corporation, kafunseni ku ofesi yawo. Ngati ndi malo a kwa amfumu, m'mphepete mwa tauni, kalata ya mfumu imodzi siyokwanira. Funsani oyandikana nawo za malire, chifukwa poloti imodzi kugulitsidwa kwa anthu awiri si nkhani yachilendo.

Nyumba ina yokongola ku Area 18 tinaisiya chifukwa inali ya masiye. Mwana mmodzi ndiye ankagulitsa, abale ake sakudziwa. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndiye wogulitsa ayenera kuonetsa chilolezo cha khoti choyendetsera chumacho. Popanda chimenecho mwagula mlandu. Funsaninso mabilu a Lilongwe Water Board ndi msonkho wa nyumba wa ku khonsolo, kuti ngongole za mwini wakale zisadzakupezeni mutalowa kale. Ndipo ndalama yogulira nyumba isapite pa Airtel Money kapena Mpamba ya ejenti. Ife tinadzera kwa loya, mgwirizano utasainidwa.

Tsono za dera. Nyumba zambiri zimajambulidwa dzuwa likuswa mtengo, mu Seputembala kapena Okutobala, pamene msewu uliwonse umaoneka wabwino. Dera lenileni mumaliona mu Januwale. Anthu a ku Mtandire sanaiwale mmene mtsinje wa Lingadzi unasefukira mu 2017. Ku Blantyre, namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Malo a m'dambo, a m'mphepete mwa mtsinje ndi a m'munsi mwa phiri amatchipa, ndipo kutchipako kuli ndi chifukwa chake.

Ife nyumba iliyonse imene yatisangalatsa tinkaiyendera katatu popanda ejenti. Ulendo woyamba unali wa m'mawa cha m'ma 6 koloko, pa minibasi, kuti tidziwe nthawi ndi ndalama zokafikira kuntchito. Nyumba yotchipa imene ikufuna kabaza ndi maminibasi awiri tsiku lililonse imadzakudyerani ndalama mwezi ndi mwezi. Wachiwiri unali wa Lachisanu usiku, kukamvera ngati pafupi pali bala kapena zimkuzamawu zosagonetsa ana. Wachitatu unali wa tsiku la mvula yamphamvu. Pamenepo mumaona kumene madzi amathamangira, ngati galimoto ingalowe, ngati chimbudzi chikusefukira. Yang'ananinso m'munsi mwa khoma. Penti yatsopano yofika m'mawondo yokha imabisa chizindikiro cha madzi.

Koma nkhani zenizeni tinkazimva kwa anthu. Mayi wogulitsa tomato pakona amadziwa masiku amene mipopi imauma. Anyamata a kabaza amadziwa njira zimene sayenda kukada. Ndinkagula tomato wa pang'ono n'kufunsa, "Amayi, kunotu madzi amavuta?" Mayi wina anandiseka. "Asisi, mwaona zigubu zili pakhomo lililonsezi? Mukuganiza kuti n'zokongoletsera?" Palibe ejenti akanandiuza zimenezo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Pomaliza tinagula nyumba ya zipinda ziwiri ku Area 25, yaing'ono kuposa imene tinkalota, yopanda matailosi, koma pamtunda, pafupi ndi sukulu ya pulayimale ndi msewu wa minibasi. Anzanga ena anadabwa. "Zaka zonsezi kusunga ndalama, n'kugula kanyumba aka?" Ndinawayankha kuti chipinda chachitatu tidzamanga, matailosi tidzaika pang'onopang'ono. Msewu, mtsinje ndi anthu oyandikana nawo sitingawasinthe.

Ngati mukusunga ndalama zogulira nyumba yanu yoyamba, musalole munthu wina akuikireni tsiku. Nyumba imene akuti itha mawa, ilekeni ithe. Dikirani mvula igwe, mutenge ambulera, mupite mukaime pamsewu wake mphindi 30.