Belu la Chitsulo cha Njanji

Padali nthawi imene mlendo wolowa m'dziko muno kuchokera kunyanja yamchere ankayamba waima pa Chiromo asadaone Blantyre. Sitima zapamadzi zinkanyamuka ku Chinde, kumathiriro a Zambezi, n'kukwera ndi mtsinje wa Shire mpaka pomwe Ruo amathira madzi ake. Pamenepo padali ofesi ya msonkho, positi ndi nyumba zosungiramo katundu. Chapafupi pomwepo mpamene Bishopu Charles Mackenzie adamwalirira ndi malungo mu Januwale 1862. Ndipo mu 1903, azungu atafuna njanji yokwera kumapiri, khasu loyamba lidagwa pa Chiromo.

Ine ndidakafikako pa bwato, nsapato zili m'manja. Msewu ndi njanji zochokera ku Bangula zidaduka mu 1997 madzi atakokolola chimtumbira chomwe zinkadutsapo, ndipo malowo amatchedwa Mtayamoyo. Dzina lokhalo likuuzani kuti mwini bwato simumuchezetsa ali pakati pa madzi. Tsidya linalo ndidapeza zipupa zopanda madenga, mitengo itamera m'zipinda, mbuzi zikubzikula pakhonde. Mlatho wachitsulo udali chiimire kudikira sitima. Mkulu wina wosoka ukonde adandiloza ndi chibwano: apa padali sitolo, apo ankayezera thonje. Ndidalemba m'kabuku kanga ngati ndikuona, chikhalirecho ndinkangoona tchire.

Chiromo adayamba kudwala akadali khanda. Madzi a Shire atachepa, sitima zikutitimira mumchenga, njanji adaitalikitsa kutsikira ku Port Herald, Nsanje ya leroyi, ndipo pofika 1908 sitima yapamtunda idalowa mu Blantyre. Mu 1915 njanji idakafika ku Chindio, m'mbali mwa Zambezi. Mu 1935 adatsegula mlatho wa Dona Ana, katundu n'kumangodutsa osaima mpaka ku Beira. Nthawi iliyonse imene njira yasuntha, mudzi wina umatsala kukamwa kuli yasa. Kenaka nkhondo ya ku Mozambique idatseka njira ya ku Beira m'zaka za m'ma 1980, madzi n'kudzamaliza zotsalazo.

Nkhondo yomweyo idamanganso matauni ake. Amene adafika ku Mankhokwe m'zaka zimenezo amasimba za msasa wa anthu othawa kwawo waukulu ngati mzinda, wokhala ndi misika, zipatala ndi sukulu. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992, anthu adayamba kumanga akatundu kubwerera kwawo. Minda idabwerera pomwe padali nyumba.

Bwinja laling'ono pa onsewa, kunena za msinkhu, ndi doko la pa Nsanje. Mu Okutobala 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika adalitsegula pamaso pa Robert Mugabe ndi Rupiah Banda. Chombo chomwe chinkayembekezeredwa pa mwambowo sichidafike, boma la Mozambique lidachigwira panjira. Madzulo omwe ndidayendapo, pa chisimenti chotambalalacho anyamata ankawedza, mabwato a mtengo ali chomangirira m'mphepete. Chiromo ndiye bola, adalawako. Ili ndi bwinja la tauni yomwe sidabadwe n'komwe.

Koma ulendo wanga sudali wa madoko ayi. Mayi anga, omwe adatisiya zaka zitatu zapitazo, adabadwira kutsidya la kum'mawa kwa Shire. Sukulu adalekezera Sitandade 4, koma ankaikamba ngati adakhalako zaka makumi awiri. Tilibe chithunzi chawo chilichonse ali mtsikana, ngakhale kapepala kokhala ndi dzina lawo lakubadwa. Ndiye ndidati ndikaone ngati kaundula wa pasukulupo akuwakumbukira.

Sukulu za m'chigwachi zili ndi mbiri yaitali kuposa momwe ife a m'tauni timaganizira. Amishoni a South Africa General Mission adakhazikika ku Lulwe mu 1900, kenaka ku Chididi, pamwamba pa mapiri oyang'ana Nsanje, komwe kamphepo kamakuiwalitsa kuti kunsiku anthu akupsa. Mpingo wa Africa Evangelical Church udachokera kumeneko. Akatolika nawo adamanga zawo, monga ku Muona. Kuchokera pamishoni zoterezi aphunzitsi ankatsika wapansi kukatsegula timasukulu ta m'midzi. Ya mayi anga idali imodzi mwa timeneti, ndipo dzina lake ndilisunga.

Chipinda chakalecho chikadalipo kumbuyo kwa midadada yatsopano. Njerwa zake n'zazikulu, zootcha bwino, zipupa zochindikala moti masana dzuwa lili paliwombo mkati mumazizirira. Mawindo ndi mabowo chabe. Bolodi ndi simenti yopaka utoto wakuda pakhoma, yong'aluka pakati ngati mapu a mtsinje. Chidandigwira mtima ndi belu. Pamtengo wa nimu adapachikapo chidutswa cha njanji chotalika ngati mkono, ndipo mwana wa Sitandade 8 amachimenya ndi bawuti. Sitima idasiya kulira kalekale kuderali, koma njanji yake ndiyo imadzutsa mudzi m'mawa uliwonse.

Ahedi, bambo wa imvi za apo ndi apo, adanditengera pakona ya chipindacho. Pakhoma padali mizere itatu ya dothi louma, wina pamwamba pa unzake, ndipo pambali pa mzere uliwonse wina adalembapo chaka ndi khala: 2015, 2019, 2023. Chaka choyambacho ndi chija Ruo adasiya njira yake n'kudzera m'midzi ya ku Makhanga. Chachiwiri ndi cha namondwe wa Idai, chachitatu cha Freddy.

"Simupaka laimu, ahedi?" ndidafunsa.

"Tikapaka ndiye ana aphunzira chiyani, achimwene? Masamu timayezera pomwepa."

Adaseka, koma adaonjeza kuti madzi akabwera mwachikatikati, osafika pamizerepo, chipinda chomwechi chimasanduka msasa. Mabanja amagona pansi, madesiki amaunjikidwa panja, maphunziro amapita pansi pa mtengo.

Tikakhala ku Blantyre kapena ku Lilongwe, wailesi ikalengeza za madzi osefukira, timafulumira kunena kuti anthu amenewa ngosamva, bwanji osangosamukira kumtunda. Enadi adasamuka, ndipo sindingawanene. Koma pitani mukaone chimanga cha m'dimba mwezi wa Okutobala, pamene kumtunda kuli fumbi lokhalokha. Dothi lomwe limakwirira nyumba ndi lomwelo limadyetsa. Madoko ndi masiteshoni adamangidwira anthu odutsa, n'chifukwa chake adafa mosavuta. Kasukulu aka njerwa zake adaumba ndi makolo a ana omwe, ndipo kuti kasamuke mpaka mudzi wonse uvomere kusiya manda ake. Nkhaniyo ahedi adati ikukambidwabe kwa amfumu, ndipo yagawa anthu pakati.

Kaundula amamusunga m'jumbo, pamwamba pa phaso la ofesi. Adakwera pampando kumutsitsa. Mabuku atatu achikuto cholimba, onunkha chinyontho. Tidayamba ndi la m'ma 1980, momwe maina amachuluka mwadzidzidzi, ana ochokera ku Mutarara ndi ku Morrumbala, ndipo patsogolo pake mzere ndi mzere mphunzitsi adalemba mawu amodzimodzi: wabwerera kwawo. La m'ma 1970 ndilo lidanyowa mu 2015. Masamba ake apakati adamatana n'kuuma gwa ngati chikwa.

Ahedi adatenga lezala n'kuyamba kulekanitsa pang'onopang'ono, lilime lili pakati pa mano. Tsamba lina lidatseguka, lina lidang'ambika pakona. Inki ya buluu idayenderera ngati mitambo. Pa mzere wachisanu ndi chiwiri ndidaona zilembo zitatu zoyambirira za dzina la agogo anga aamuna, m'danga la dzina la kholo. Danga la mwana lidali banga lokhalokha.

"Angakhale iwowo," adatero ahedi. "Kapena achemwali awo. Adalipo angati?"

"Anayi."

Adaika kapepala pamalopo kuti tsamba lisamatanenso, n'kubweza bukulo m'jumbo. Panja mwana uja adamenya chitsulo, ndipo adandipepesa kuti ali ndi phunziro la Chichewa ku Sitandade 6.