Chijasi cha agogo a ku Sizinda

Mwezi wa Julayi dzuwa la ku Bulawayo limawala koma silikhala ndi moto. Usiku kumwamba kumakhala kopanda mtambo, ndipo kutentha kumene nthaka inasunga masana kumathawa konse, mwakuti m'mamawa udzu wa m'mphepete mwa njanji ku Sizinda umapezeka utayera ndi chisanu. Nyengo yotere ikafika, nkhalamba ina ya kumeneko, mtchona wochokera ku Mulanje, imatulutsa chijasi chake m'sutikesi. Chijasicho ndi cha ubweya, chofika m'mawondo, cholemera ngati mwana wa chaka chimodzi. Agogowa anachivala zaka zambiri akugwira ntchito ya usiku ku njanji, ndipo amachikhulupirira kuposa mankhwala.

Mdzukulu wawo wamkazi anabadwira konkuno. Chindebele ndicho chili pakamwa pake; Chichewa amachimva, koma poyankha amapunthwa. Loweruka lililonse amapita ndi anzake kukakwera mapiri a Matobo, makilomita pafupifupi 35 kumwera kwa mzinda. Chaka chino anaganiza zokaona kwawo kwa agogo ake, osati kukangogwira chanza abale ayi, koma kukafika pa Sapitwa penipeni, mamita 3,002 kuchokera pa nyanja yamchere.

Tsiku lina madzulo anayala pamphasa zimene anagula pa kaunjika, amene kuno amamutcha khothama chifukwa wogula amasankha atawerama. Panali malaya am'kati othina, juzi yofewa, ndi jekete yopyapyala yosalowa mvula. Agogo anaitsina jeketeyo ndi zala ziwiri, naseka mpaka kutsokomola.

“Mdzukulu wanga, pepala ili ndilo ukakumane nalo ndi chiperoni? Tenga chijasi changachi.”

“Agogo, chijasi chanu chikanyowa, ndidzachinyamula ndine kapena chidzandinyamula ndicho?”

Anakwiya, monga amakwiyira munthu amene wakanidwa mphatso. Koma mkwiyowo unatsegula nkhani imene sanainenepo m'nyumbamo. Atate awo anali mtengatenga wa alendo okwera phiri, wonyamuka pa Likhubula ndi katundu pamutu kupita ku Chambe kapena ku Lichenya. Lamulo lawo linali limodzi: ukafika pamwamba, vula msanga malaya a thukuta, uvale ouma amene wawasunga pakati pa katundu, usanakhale n'komwe pansi. Ankati munthu wouma amagona m'phanga n'kudzuka. Wonyowa ndiye amene anzake amamutsitsa pamachira.

Apa mtsikana uja anaimika manja, pakuti zimenezi ndi zomwe jekete yake inasokedwera. Nsalu ya thonje imamwa thukuta n'kulisunga pakhungu, ndipo mphepo ikawomba imachotsa kutentha kwa thupi mofulumira kwambiri. N'chifukwa chake okwera mapiri a masiku ano amavala mosanjikiza: m'kati nsalu youma msanga, pakati chofunda chosunga mpweya wotentha, kunja chotchinga mphepo ndi mvula. Pokwera amavulako kuti asatuluke thukuta lambiri, akaima amavalanso. Mtengatenga uja analibe mayina a nsalu zimenezi, koma nzeru yake inali yomweyo.

Komabe pa mfundo imodzi nkhalambayo inkaona patali kuposa mdzukulu wake. Matobo amaphunzitsa miyendo, saphunzitsa kunyowa. Chisanu cha kumeneko n'chouma. Dzuwa likakwera miyala imafunda, ndipo madzulo munthu amakhala atabwerera m'tauni. Mulanje ndi wina. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera, ndipo miyezi yomweyi ndiyo ya chiperoni, mphepo yachinyezi yochokera ku Mozambique, yobwera ndi nkhungu ndi mvula yowaza imene imatha masiku osaleka. A ku Zimbabwe ali ndi guti wawo, koma guti wa pakhonde si wa pathanthwe loterera. Nkhungu ikatseka, njira imasowa pamaso pomwepa. Thupi likazizira kwambiri limayamba ndi kunjenjemera, kenaka maganizo amasokonekera, munthu n'kumaganiza kuti akudziwa kolowera. Mu Julayi 2009 Gabriel Buchmann wa ku Brazil anapita ku Sapitwa atamusiya womuperekeza, ndipo thupi lake linapezeka patapita masabata. Anafa ndi kuzizira.

Agogo anawonjezeranso za kwawo: kuti dzinalo likutanthauza kumene anthu sapita, ndi kuti ukapeza chakudya chokonzedwa m'phirimo udye wekha osaitana mnzako. Mtsikanayo anamwetulira, koma sanatsutse. Anamulonjezetsa zinthu ziwiri, kuti sadzasiyana ndi womuperekeza ngakhale kuche bwino chotani, ndi kuti akadzati tibwerere, adzabwerera.

Za kupita nawo sanazitchule. Mawondo anatha, ndipo amene akanawazindikira pa Likhubula ambiri anagona kale. Mmalo mwake anakhala usiku umenewo akumuphunzitsa kupereka moni mwaulemu, kutchula mudzi ndi mfunda, kuti asakafike ngati mlendo wodzajambula zithunzi. Iye anabwereza kangapo, lilime likukokera ku Chindebele, agogo akuwongola mawu amodzi amodzi.

Tsiku lonyamuka kunacha kozizira zedi. Agogo anapisa dzanja m'thumba la chijasi chija, natulutsa chipewa cha ubweya chimene malemu akazi awo analuka kalekale, chothothoka pang'ono m'mphepete. Ichi mtsikanayo sanakane. Anachikulunga m'pulasitiki pamodzi ndi masokosi ouma, nachiika pakati penipeni pa chikwama. Nkhalamba inamanga mabatani onse a chijasi chake mpaka m'khosi, n'kumuperekeza pang'onopang'ono mpaka pokwerera basi.