Sukulu ya Pakhonde

Ife amayi amene timaphunzitsa ana athu aamuna pakhomo tilibe belu, tilibenso nthawi yoweruka. Tambala akalira timayamba ndi pemphero la m'mawa, kenaka phala, kenaka tonse pamphasa pakhonde. Masamu timawerengera nyemba, zilembo timalemba padothi ndi kamtengo. Koma mnyamata sakhazikika: njiwa ikangotera mumtengo, buku pansi, dzanja ku legeni.

Anansi amatifunsa kuti, “Kodi mwana woleredwa pa chitenje cha amake adzakhala mwamuna weniweni?” Funsoli limatisowetsa tulo, pakuti m'mera mpoyamba, ndipo ukapindika oyankha mlandu ndife.

Mtima umakhala pansi tikakumbukira Margherita Occhiena wa ku Becchi, m'dziko la Italy. Amuna ake atamwalira mu 1817, anatsala ndi anyamata atatu. Sankadziwa kuwerenga kapena kulemba, komabe anawaphunzitsa katekisimu wapamtima ndi ntchito za kumunda. Wamng'ono mwa atatuwo ndiye Don Bosco, amene anadzalera anyamata osauka a mumzinda wa Turin. Nchifukwa chake sitidabwa kuti mu 1965 Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican unatsimikiza kuti makolo ndiwo aphunzitsi oyamba a ana awo.

Tsono anyamata athu amasesa, amatunga madzi, amatsuka mbale, ndipo akamenyana amapepesana dzuwa lisanalowe. Zilembo adzazidziwa ndithu. Koma chimene adzapite nacho ku mabanja awo ndi mawu amene timatulutsa pamene phala latayikira pa kope, ife titatopa.