Akakombo a ku Mpatsanjoka

Kwathu kuno kwa Maganga, pafupi ndi Senga Bay, dambo la Mpatsanjoka limadzaza akakombo mvula ikatha. Timawatchula dzina limodzi, chonsecho m'madambo athu muli mitundu iwiri. Wamtundu wa thambo, Nymphaea caerulea, amatsegula m'mawa. Woyera, Nymphaea lotus, amadikira usiku. Masamba a onsewa amagona pamadzi, ong'ambika mbali imodzi. Lotus weniweni wa ku India, Nelumbo, ngwa banja lina ndithu: masamba ake amaimirira pamwamba, osang'ambika.

Pansi m'matope muli nyika, mizu ya kakombo imene anzathu a ku Nsanje amakumba njala ikavuta. Komabe ana athu asalowemo kukathyola maluwa, pakuti kunsi kwa masambawo kumamatira nkhono za likodzo, ndipo ng'ona nazo zilimo.