Tebulo lachikazi, buku lachimuna

Tsiku limene aphunzitsi a Chifalansa anatiuza kuti tebulo ndi lachikazi, kalasi yonse inafa nacho chiseko. Tinali Fomu 1. "La table," iwo anatero, "koma le livre." Mnzathu wina wa kumbuyo anafunsa kuti tebulolo analiyang'ana pati kuti adziwe zimenezo. Anangotiyankha kuti tiloweze basi.

Tinalowezadi, koma mopotoka. M'makope tinkalemba maison nyumba, chien galu, timawu ta le ndi la tija n'kumatisiya ngati madeya. Pa mayeso m'pamene tinalira. Ngati sudziwa kuti maison ndi la, sungadziwenso kuti nyumba yoyera ndi maison blanche, osati blanc. Nayenso petit amasanduka petite, beau n'kukhala belle. Ngakhale mbale wina wa ku Congo amene tinkapemphera naye ankangomwetulira tikati mon maison m'malo mwa ma maison. Tsiku lina anatiuza kuti m'khutu mwake zimamveka ngati mlendo akuti "nyumba changa".

Mawu akewo tawamvetsa pano ku koleji, pophunzira magulu a mayina a Chichewa. Timati munthu wabwino, chingwe chabwino, nyumba yabwino, tebulo labwino. Ndani anatifotokozerapo chifukwa chimene timati galu wabwino koma mbuzi yabwino? Zonsezo ndi ziweto za pakhomo limodzi. Tinangoyamwira, dzina lililonse pamodzi ndi mgwirizano wake. Afalansa ali ndi magulu awiri okha pamene ife tili ndi opitirira khumi, koma oseka tinali ife. Ndipo ukazi wa tebulo si wa thupi ayi: une personne imakhalabe une ngakhale munthuyo ali bambo wa ndevu zake.

Timalamulo tothandiza tilipo. Mayina othera ndi -tion, monga nation ndi question, pafupifupi onse ndi achikazi. Koma lija loti dzina lothera ndi -e ndi lachikazi musalidalire, pakuti le problème ndi le livre yemweyo amalikana.

Posachedwapa tipita kukayeserera kuphunzitsa, ndipo enafe tikakumana ndi ana a Fomu 1. Tapangana kuti dzina la Chifalansa sitidzalilemba lokha pabolodi. Pamene l' wabisa gulu tidzalemba une école, un arbre. Funso la tebulo lija likadzabuka, tidzayamba tawafunsa za galu ndi mbuzi.