Tsiku Limene Bambo Anatsala Pachipata

Anzanga a ku hositelo akhala akundiumiriza kuti ndiwasimbire za ulendo wanga wa ku Durban, ndipo za zombo ndi nyumba zosanjikizana ndawauza kale. Koma pali kanthu kena kamene sindinauzepo munthu, tsono ndaganiza kuti ndikalembe muno.

Bambo anga ndi telala ku Durban, m'dziko la South Africa, ndipo panali patapita zaka zinayi osawaona. Pa tchuthi cha Khirisimasi anatiitana, amayi, mlongo wanga wamng'ono ndi ine. Tinakwera basi ku Blantyre, n'kudzera pa Mwanza, kuoloka Zambezi pa Tete, kupyola Harare ndi Beitbridge mpaka ku Johannesburg, kumene tinakwera basi ina. Mwezi wa Disembala, pamene kwathu anthu ali kalikiliki kupalira chimanga, kumeneko ndiyo nyengo yotentha imene mabanja amathamangira kumadzi.

Tsiku lina m'mamawa bambo anapita nafe ku uShaka Marine World, malo amene anatsegulidwa mu 2004 m'mbali mwa nyanja yamchere. Dzinali ndi la Shaka, mfumu ya Azulu. Ndinakumbukira zimene tinaphunzira m'kalasi, kuti nkhondo za m'masiku ake zinasamutsa Angoni, naoloka Zambezi mu 1835. Ndinazizwa poganiza kuti inenso ndaoloka mtsinje womwewo, koma kulinga kumene iwo anachokera.

Titafika pachipata, bambo anagula matikiti atatu okha, nati, "Lowani inu, ine mutu ukundiwawa. Mundipeza pabenchi apa." Ndinene zoona, ndinapsa mtima. Ndinaona abambo ena atanyamula ana awo pamapewa, ndipo mumtima ndinati, "Munthu takhala osamuona zaka zonsezi, lero alephere kutaya nafe tsiku limodzi?" Ndinalowa osawayankha.

Zimene tinaona m'katimo n'zodabwitsa ndithu. Muli ngalande zapulasitiki zokhotakhota, zina zoyambira pamwamba zedi. Makina amapopera madzi pamwambapo. Munthu amakwera makwerero, nagona chagada m'ngalandemo, madzi namkokolola mpaka kukamponya m'dziwe, phuu! Mulinso mtsinje wochita kukonza, woyenda pang'onopang'ono mozungulira, umene anthu amayandamamo atakhala pamachubu. Madzi ake si amchere ayi, ndipo ponseponse pali alonda ogwira wenzulo, oyang'anira kuti wina asamire.

Amayi anaika manja pakamwa, nati, "Madzi onsewa ongoseweretsa!" Ndinadziwa kuti akumbukira mzere wa ndowa wa pamjigo wa kwathu m'mwezi wa Okutobala. Iwo anakhala pamthunzi, nangoviika mapazi.

Ine, amene ndimadzitama kuno kusukulu kuti sindiopa kanthu, nditakwera pamwamba mawondo anayamba kuombana. Mlongo wanga wa zaka khumi anati, "Achimwene, tapatukani ndidutse," natsetsereka akukuwa ndi chimwemwe. Manyazi ndiwo anandikankha. Nditalawa kamodzi sindinafunenso kuleka. Komabe nthawi zonse ndikafika pamwamba ndinkaponya maso kunja kufuna bambo, koma anthu anali ngati nyerere.

Dzuwa litapendeka tinatuluka, ndi kuwapeza pabenchi pomwe paja. Iwo anati, "Tiyeni kugombe, kumeneko salipiritsa." Anatilangiza kuti posamba m'nyanja tisapitirire pakati pa mbendera ziwiri zimene alonda amazika pamchenga, pakuti kwina madzi amakoka munthu. Atatero anavula malaya nadziponya m'mafunde. Anzanga, sindinaonepo munthu wosambira chotero! Bambo anakulira ku Nkhotakota pakati pa asodzi, ndipo ankabowola funde ndi mutu, natulukira patali akuseka ngati kamnyamata.

Mlongo wanga anafuula, "Bambo, kodi mutu wapola?" Iwo anangoseka. Pamenepo amayi anandikokera pambali, nandinong'oneza kuti, "Mwanawe, usamaone zinthu pamwamba. Fizi yako ya teremu ikubwerayi ili kale m'chikwama changa. Ndalama yotsala inangokwanira anthu atatu."

Mawu amenewa anandilasa mtima. Munthu wokonda madzi chotere anakhala tsiku lathunthu pabenchi, dzuwa likumuotcha, akumva phokoso la madzi kuseri kwa mpanda, kuti ine ndisewere ndiponso ndibwerere kusukulu. Ndipo ine ndinamulipira ndi tsinya!

Ndinalowa m'nyanjamo n'kuwatsata. Sindinathe kupepesa, pakuti mawu anandithawa, koma ndinati, "Bambo, ndiphunzitseni kubowola funde." Anandiphunzitsa mpaka ndinamwa madzi amchere okwanira. Tikupuma pamchenga anandiuza za agogo anga, amene anagwira ntchito kumigodi ya ku Joni m'masiku a Wenela. Nthawi imeneyo lamulo la 1953 linkalekanitsa azungu ndi anthu akuda m'malo opumulira, ngakhale pamagombe, ndipo linafafanizidwa mu 1990. Bambo anati, "Agogo ako akanathamangitsidwa pano chifukwa cha khungu. Ine wanditsekera chipata ndi thumba chabe. Iwe limbikira sukulu, kuti ana ako udzalowe nawo limodzi."

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ambiri a ife timadandaula kuti makolo atipatsa ndalama yochepa yodyera, kapena kuti sabwera kudzationa. Tisanawaweruze, tiyambe tafunsa kuti iwo adzimana chiyani kuti ife tikhale pano. Kunena ine, ndasunga tikiti ija m'buku langa la masamu, ndipo ulesi ukandigwira pa nthawi yowerenga madzulo ndimaitulutsa n'kuiyang'ana. Ndalonjeza mumtima kuti tsiku lina ndidzabwerera pachipata chija, ndipo tikiti yoyamba kugula idzakhala ya bambo.