Chala Chafika, Koma Kompyuta Ikadali M'njira

Sabata ino ndabwera ndi nkhani ya magemu, ndipo ndikudziwa ena mwayamba kale kukwinya nkhope kuti zachibwanazi zikufuna chiyani pakati pa alembi. Dekhani kaye. Mwa inu muli alakatuli amene mumawerenga mapumidwe a mzere uliwonse, muli oimba kwaya, muli omenya ng'oma. Nonsenu mukudziwa kuwawa kwa kulowa mochedwa pang'ono pamene anzako onse alowa pa nthawi yake. Nkhani yanga ndi yomweyo, kungoti yasamukira pa laputopu.

Munaonapo munthu akuwaza nkhuni kutsidya la mtsinje? Nkhwangwa imatera pachikuni, iye n'kuyamba kuidzutsanso, ndiye kenako phokoso lija n'kumakupezani. Wowazayo sanachedwe. Lachedwa ndi phokoso, chifukwa limayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, pamene kuwala kumafika nthawi yomweyo. Mutati muziwomba m'manja motsatira zimene makutu anu akumva, bwenzi mukuphonyana naye mpaka mtolo kukwana. Izi n'zimene zimachitikira munthu wosewera gemu yotsatira nyimbo pa kompyuta yosakonzedwa bwino.

Ine ndimasewera osu!, gemu yaulere imene Dean Herbert wa ku Australia anaitulutsa mu 2007. Kaseweredwe kake n'kosavuta kufotokoza. Nyimbo ikulira, pa sikirini pakutuluka timadontho tozungulira, ndipo iwe uyenera kudina kalikonse pa nthawi yeniyeni imene kugunda kwa nyimbo kwafika. Ukadina pa nthawi yake umapata 300, ukaphonya pang'ono 100, ukaphonya kwambiri 50, kupitirira apo palibe chako. Palinso mtundu wina mkati mwa gemu yomweyi, osu!mania, momwe zizindikiro zimagwa kuchokera pamwamba ngati mvula ndipo umazilandira ndi mabatani a D, F, J ndi K. Amene munasewerapo StepMania kapena Friday Night Funkin' mukuzidziwa zimenezi.

Tsono tamverani kuchepa kwa mpata umene gemuyi imakupatsa. Nthawi pano imayezedwa ndi mamilisekondi, ndipo mu sekondi imodzi muli 1,000. Nyimbo iliyonse ili ndi muyezo wa kukhwima kwake wotchedwa OD. Pa OD 8, kuti upate 300 uyenera kudina pasanathe mamilisekondi 32 kutsogolo kapena kumbuyo kwa kugunda kwenikweni. Pa OD 10 mpatawo umatsika kufika pa 20 basi. Kuphethira kwa diso kumatenga nthawi yoposa pamenepo kangapo. Ndiye ngati makina ako akudya mamilisekondi 50 asanakuyankhe, mpikisano waluza usanayambe n'komwe.

Chimene chandilembetsa ndi ichi. Ndaona achinyamata angapo akuyesa gemu yotereyi pa malaputopu akale aja timagula kwa ogulitsa zakunja, akuphonya motsatizana, mapeto ake n'kunena kuti, “Ine nyimbo si mbali yanga.” Mwana woti akamva ng'oma mwendo umayamba wokha, lero akudziweruza kuti alibe khutu chifukwa cha kachipangizo kochedwa! Ena amene ali ndi kangachepe m'thumba amathamangira kukagula kiyibodi yodula yowala mitundumitundu, vuto n'kukhala pomwepo. Onsewa sanafunse funso limodzi: wachedwa ndani, ine kapena makina?

Kuchedwaku kuli mitundu iwiri, ndipo mukagwira mfundo imeneyi zina zonse ziyenda. Pali kuchedwa kokhazikika, koti nthawi zonse makina amachedwa mofanana, tinene mamilisekondi 30. Kumeneku n'kosaopsa kwambiri, chifukwa gemu ili ndi pokonzera. Ndiye pali kuchedwa kosinthasintha, pano 10, pakapita kanthawi 45, kenako 20. Uyu ndiye mdani weniweni. Mnzako amene amachedwa mphindi khumi tsiku lililonse umatha kupangana naye, umangomuuza nthawi yoyambirira. Koma amene lero wafika msanga, mawa wachedwa ola lathunthu, ungapangane naye bwanji? Choncho ntchito yoyamba ndi kuthetsa kusinthasinthako. Chotsalacho, chokhazikika chija, tichiyeza pomaliza.

Tiyambe ndi makutu, poti apa ndi pamene ambiri amagwera. Mahedifoni a Bluetooth ndi abwino mu minibasi, koma pa gemu iyi ndi chipsinjo. Nyimbo imayamba yapanikizidwa, n'kutumizidwa mumphepo, n'kumasulidwanso m'khutu mwanu, ndipo pa mahedifoni ambiri ulendo umenewu umadya mamilisekondi oposa 100. Taganizani, nyimbo yogunda ka 180 pa mphindi ili ndi mamilisekondi 333 pakati pa kugunda kuwiri, ndipo pamene timadontho tathinana kanayi pa kugunda kumodzi, pakati pake pamangotsala 83. Ndiye kuti ndi Bluetooth mumakhala mukumva kadontho kamene kadutsa kale. Timahedifoni tawaya totchipa tija ta pamsika timaposa Bluetooth yodula pa ntchito imeneyi. Masipika nawo ali ndi kawo: mita iliyonse pakati pa sipika ndi khutu lanu ikuwonjezera mamilisekondi atatu. Lowaninso mu zokonzera mawu za Windows muzimitse zokometsera mawu zonse zimene amazitcha audio enhancements, chifukwa chilichonse chokometsa chimafuna nthawi yake.

Chachiwiri ndi magetsi ndi kutentha. Laputopu ikakhala pa batire imadzichepetsera liwiro dala kuti moto ukhalitse. Imathamanga, n'kupuma, n'kuthamanganso, ndipo kumeneko ndiye kusinthasintha tikukana kuja. Lumikizani chaja, ndipo pa zokonzera mphamvu musankhe Best performance. Magetsi akazima, kwathu kuno si nkhani yachilendo, ine ndimangosewera nyimbo zofewa zosangalatsa mtima, zolimbirana mapointi ndimadikira abwere. Kutentha nako kumachita chimodzimodzi. Purosesa ikatentha kwambiri imadzibweza yokha kuti isapse. Mwezi wa Okutobala, laputopu ili pa matiresi, timabowo ta mpweya tatsekeka ndi bulangete, mkati fumbi la zaka zitatu, mukuyembekeza chiyani? Ikhazikeni pa tebulo, kumbuyo kwake muikeko kabuku kuti mpweya uzidutsa pansi, ndipo ngati fani ikulira ngati chigayo, pitani nayo kwa wokonza akaipukute fumbi. Chizindikiro cha vuto la kutentha n'chakuti nyimbo zoyamba zimayenda bwino, koma pakatha mphindi 20 zinthu zimayamba kudodoma.

Chachitatu ndi sikirini. Masikirini ambiri a laputopu ndi a 60Hz, kutanthauza kuti chithunzi chimasintha ka 60 pa sekondi, kamodzi pa mamilisekondi 16.7 alionse. A 144Hz amasintha pa 6.9 alionse. Musadandaule ngati yanu ndi ya 60, anthu ambiri afika patali ndi yomweyo. Chofunika n'kusawonjezera katundu pamwamba pake. Mu gemu muli chinthu chotchedwa VSync, chimene chimauza kompyuta kuti isunge chithunzi chimene yakonza mpaka sikirini itakonzeka kuchilandira. Zithunzi zimaoneka zosalala, inde, koma kudikirako kumawonjezera chithunzi chimodzi kapena ziwiri za kuchedwa. Walira mvula walira matope. Zimitsani VSync. Pa Frame limiter ya osu! sankhani Optimal. Pali ina yotchedwa Unlimited imene imalola makina kuthamanga mmene angathere, koma pa laputopu yofooka imeneyi imangobweretsa kutentha kuja, n'kukhala kuti mwathawa mkango mwakumana ndi njati. Kuli bwino mafulemu 240 okhazikika kusiyana ndi 700 amene akugwa n'kudzuka.

Seweraninso pa Fullscreen yeniyeni, osati pa windo. Gemu ikakhala pa windo, chithunzi chake chimayamba chadutsa m'manja mwa Windows kuti achiphatikize ndi zina zonse za pa sikirini, ndipo pamzere umenewo pamatayika nthawi. Amene laputopu yanu ili ndi makhadi awiri a zithunzi, ya Intel ndi ina ya NVIDIA kapena AMD, lowani pa Graphics mu zokonzera za Windows muuze gemuyo kuti izigwiritsa ntchito yamphamvuyo. Ndipo inu okonda kulumikiza laputopu ku TV ya pabalaza, dziwani kuti ma TV ambiri amayamba akongoletsa chithunzi asanachionetse. Fufuzani Game Mode pa rimoti muitsegule, apo ayi bwererani pa sikirini ya laputopu.

Apa ndiikepo mawu pa bodza lina lofala, lakuti vuto ndi netiweki. Ayi ndithu. Pa mpira wa pa intaneti kapena magemu owomberana, netiweki yofooka imapweteka. Koma pa osu! nyimbo imakhala kale mu kompyuta mwanu, ndipo kudina kwanu kumaweruzidwa momwemo. Intaneti imangonyamula mapointi mukamaliza. Bandulo yanu ilibe mlandu. Chimene chimapweteka ndi mapulogalamu amene akudya mphamvu kuseri: Chrome ili ndi masamba khumi otsegula, filimu ikutsitsidwa, Windows Update yayamba zake osakupemphani. Tsegulani Task Manager muone amene akudya kwambiri, muwatseke musanayambe kusewera.

Tsopano zala. Kiyibodi kapena mausi ya USB imauza kompyuta zimene mwachita kangapo pa sekondi. Zotchipa zambiri zimatero ka 125, ndiye kuti kamodzi pa mamilisekondi 8 alionse, pamene zopangidwira magemu zimatero ka 1,000. Kusiyanaku kulipodi, koma taonani kuchepa kwake poyerekeza ndi 100 uja wa Bluetooth. N'chifukwa chake ndikuti kugula kiyibodi kukhale komaliza. Chimene muyenera kuyesa pa kiyibodi ya laputopu n'chakuti imalandira mabatani angati nthawi imodzi. Zina ukadina atatu kapena anayi pamodzi, limodzi silimveka. Tsegulani poti mungalembe, dinani D, F, J ndi K nthawi imodzi kangapo, muone ngati zilembo zonse zikutuluka. Ngati china chikusowa, sinthani mabatani mu gemu, nthawi zambiri mumapeza anayi ena amene amagwirizana. Kwa ogwiritsa mausi, zimitsani Enhance pointer precision mu Windows, chifukwa imasintha mtunda umene kalozera akuyenda malinga ndi liwiro la dzanja, ndiye dzanja silizolowera.

Mukachita zonsezi, chatsala ndi kuchedwa kokhazikika kuja, ndipo mankhwala ake ndi offset. Offset imasuntha nyimbo pang'ono kuti igwirizane ndi timadontho. Pansi pa sikirini ya osu! pali kamzere kotchedwa hit error, kamene kamaonetsa ngati mukudina msanga kapena mochedwa. Sankhani nyimbo zitatu kapena zinayi zosavuta zimene mumazidziwa ngati dzina lanu, zisewereni, muone kumene timizere tikuunjikana. Tikaunjikana mbali imodzi pa nyimbo zonse, sunthani offset ndi mamilisekondi asanu, yesaninso. Tikathawira kutali, bwezerani mbali inayo. Tikafika pakati, siyani pomwepo. Mtundu watsopano wa gemuyi, osu!lazer, umachita kukuuzani wokha nambala yoyenera potengera mmene mwangosewerera. Ikakhala nyimbo imodzi yokha imene ikuvuta, musasokoneze zonse, mabatani a + ndi - amakonza ya nyimbo yokhayo.

Chenjezo langa n'lakuti offset si ya kusintha tsiku lililonse. Lero mwatopa, mwadina mochedwa, mwasuntha. Mawa mwamwa tiyi wambiri, mwadina msanga, mwasunthanso. Mukatero mwabweza ndi manja anu kusinthasintha kumene munavutika kukuchotsa. Dziwaninso kuti offset ili ndi malire. Imakonza nyimbo, koma kaphokoso kamene gemu imaliza mukadina sikangabwere inu musanadine. Ngati mulibiretu mahedifoni ena koma a Bluetooth, tsitsani timaphokoso timeneto mpaka ziii, muzitsatira nyimbo yokha.

Mwina mukufunsa kuti khama lonseli la chiyani pa masewera. Yankho langa ndi lakuti manja amaphunzira chilichonse chimene wawazoloweza, chabwino kaya cholakwika. Ukasewera miyezi isanu ndi umodzi pa makina ochedwa, zala zimaphunzira kudina nyimbo isanafike, ndipo tsiku limene udzakhale pa makina abwino udzakhala ngati mlendo. Mmera mpoyamba. Woimba ng'oma sakumana ndi vutoli chifukwa dzanja likagunda chikopa mawu amatuluka pomwepo, choncho akaphonya amadziwa kuti waphonya ndi iyeyo, n'kukonza. Chimene tikufuna pa laputopu ndi chilungamo chomwecho.

Ndipo chilungamocho chimaluma mbali zonse. Mukakonza zonse, timizere tija tili pakati koma tamwazikana uku ndi uku, pamenepo makina atuluka m'mlandu. Zatsalazo ndi zala zanu, ndipo mankhwala ake ndi kubwerera ku nyimbo zosavuta, kuzibwereza mpaka 300 azibwera osamuitana. Zimenezi sizigulidwa m'sitolo.

Ngati kunyumba kwanu kuli mwana kapena mng'ono wanu amene anasiya gemu yotere akuti alibe khutu la nyimbo, mubwerekeni timahedifoni tawaya, mulumikizireni chaja, muzimitse VSync, ayesenso nyimbo imodzi. Mudzandiuze mmene nkhope yake idzaonekere. Tionana sabata yamawa.